Tsiku Limene Ndinalowa M'malo mwa Thumba la Thonje

Anzanga, inu mukundidziwa kuti sindine munthu wa nkhani zangazanga. Changa ndi kumvetsera. Munthu akabwera ndi mawu ake ndimawalandira, ndimamupempherera, ndipo akandituma kuti ndikawafikitse kwina ndimawafikitsa momwe anatulukira m'kamwa mwake, osathira mchere. Koma poti mwandifunsa kangapo chifukwa chimene amayi akale a ku Chikweo amanditchulira Abiti Thonje, pamene bambo anga dzina lawo silinali Thonje, lekani ndikuuzeni kamodzi, kenaka mundisiye ndipume. Msana wangawu ukayamba kuwawa nyengo yozizira, umakhala ukukumbukira nkhani yomweyi.

Amuna anga, bambo a Lusiya, anagwira ntchito ya njanji ku Balaka zaka zambiri. Anali m'gulu lokankha tolole, kangolo kaja koyenda pa njanji konyamula kapitawo akamayendera msewu wa sitima. Atatopa nayo ntchitoyo tinabwerera kwathu ku Chikweo kukalima thonje ndi chinangwa. Thupi linabwerera, koma mutu unatsala pa njanji. Munthu ankaima m'munda kuyang'ana mizere yomwe ndalima ine, n'kumati, "Apa mwakhotetsa msanga, sitima ingagwe."

Tsiku lina anachokera ku Balaka ndi misomali yokulunga m'pepala la magazini yakunja. Misomali anaisiya pakhonde, pepala analiwongola bwinobwino n'kuliika m'Baibulo. Ndinalipeza ine m'mawa pofuna kuwerenga Masalimo. Panali chithunzi cha njanji yokwera m'mwamba ngati phiri, n'kutsika, n'kukweranso, ndipo m'timabogi munali azungu atakweza manja, kukamwa kuli yasa.

Ndinawafunsa kuti, "Anthuwa akulira kapena akuseka?"

"Akusangalala, mayi a Lusiya. Amachita kulimbirana kuti akwere."

"Nanga sitimayi ikupita kuti?"

"Sipita kulikonse. Yake ndi kukwera ndi kutsika basi."

Ine ndinaganiza kuti dziko lili ndi anthu opanda chochita, ndipo ndinapitiriza Salimo langa. Sindinadziwe kuti mwamuna wanga anali atayeza kale ndi mapazi mtunda wa kuseri kwa munda wathu, pamene pali zulu ziwiri zikuluzikulu ndi chigwa chotsikira kudambo.

Mawu omwe anandiuza ndiwabwereza monga anawanenera. Anati, "Ndimanga yanga. Njanji ya nsungwi, mawilo a malimu a njinga ochotsa matayala, chifukwa limu lili ndi ngalande yogwira nsungwi. Koma chinthu ukachionetsa chili theka anthu amachiseka, ndipo chinthu chosekedwa sichikula. Mukukumbukira mpope uja." Ndinaukumbukiradi. Unali mpope wa madzi wopalasa ngati njinga, umene unathirira mwini wake yekha, anthu a pa msika n'kuseka mwezi wathunthu. Anapitiriza kuti, "Kumapeto kwa Ogasiti kubwera akuluakulu a chipani ochokera ku boma kudzachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Ndidzachivundukula tsiku limenelo, anthu onse atasonkhana. Zaka zonsezi ndakhala ndikukankha anthu ena ndili kumbuyo. Kamodzi kokha andione ndili kutsogolo. Lonjezani kuti simuuza munthu."

Mukanakhala inu mukanakana? Ndinalonjeza. Kumeneko ndiko kunali kulakwa kwanga koyamba.

Anayamba ndi mpanda wa tsekera, wautali kuposa munthu, wozungulira zulu zonse ziwiri mpaka kumunsi kwa chigwa. Unali mwezi wa Julaye, nthawi imene anansi athu Achiyao amamanga ndagala, misasa ya kuthengo ija yovinira anyamata, imene mkazi sayandikira ndipo munthu safunsa za m'kati mwake. Anthu ataona mpanda wa udzu kuthengo anangoyamba kulambalala okha, amayi n'kumayang'ana kumbali podutsa. Bambo a Lusiya anakondwa nazo. "Mwaona? Mpanda ukudzilondera wokha."

Koma womanga amadya. Masana aliwonse ndinkasenza chinangwa chophika ndi chipanda cha thobwa, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wakuba, n'kulowa pa kakhomo ka kumunsi. Kunja kwa mpanda, pafupi ndi kakhomo komweko, panali thamanda limene mnzanga Abiti Saidi ankaviikamo chinangwa chake. Ine ndi Abiti Saidi tinali pa ubwenzi wa zaka zambiri, iye wa ku mzikiti, ine wa ku tchalitchi, mtondo umodzi. Tsiku lina anandipeza pachitsime.

"Achemwali, dzulo ndimavuula chinangwa, ndinakuonani mukulowa mu mpanda muja. Ndinatseka maso, koma ndinali nditaona kale."

"Si ndagala, achemwali."

"Ndimadziwa. Ndagala yanji yopanda nyimbo, yongomveka hamala tsiku lonse? Nanga ndi chiyani?"

Apa ndikanangoti ndi khola la nkhumba, nkhani ikanathera pomwepo, ndipo theka la mudzi silikanapondako phazi mpaka lero. Koma bodza limandikakamira pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndinati, "Anandiletsa kunena."

Abiti Saidi anatula ndowa yake, anayang'ana kumbuyo, n'kutsitsa mawu. "Masiku ano mawu amenewo satuluka m'kamwa mwa munthu wamba. Wokhala ndi zinthu zosanena ndi boma lokha. Musadzabwerezenso kwa wina."

Inu achichepere simungamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, makutu ake anali ambiri. Mphunzitsi wina wa kwathu ankakonda kudzitsekera m'nyumba ndi wailesi yake, galimoto ya boma inadzamutenga masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo anabwerako patapita mvula zitatu ali wosalankhulalankhula. Palibe anatiuza chomwe analakwa. Munthu wogwirapo ntchito kutali, womanga chinthu chobisika kuthengo, akanatha kupita njira yomweyo. Ndinawauza bambo a Lusiya mawu a Abiti Saidi onse, osasiyako limodzi. Anandimvetsera misomali ili pakamwa, n'kuyankha kuti, "Kwatsala masabata atatu okha. Bwerani mudzaone."

Ndinaona. Njanji inayambira pamwamba pa chulu choyamba, inatsika chigwa pa mitengo yozikika, inakwera chulu chachiwiri, inatsikanso, n'kukathera kumunsi pafupi ndi mpanda, pamene anazika mitengo iwiri n'kumangapo machubu a njinga opingasa kuti aziimitsa. Bogi yake inali bokosi la matabwa, lalitali, lopapatiza kumiyendo. Sindinanene chimene linkafanana nacho, koma aliyense amene anaperekezapo maliro akanalizindikira.

Thonje lathu linali m'nyumba kudikira msika. Anatenga thumba limodzi lotsendera bwino, analikumbatira, kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ili ndi lofanana ndi inuyo ndendende. Likapita bwino ili, ndiye kuti munthu wamkulu aliyense apita bwino." Analikhazika m'bokosi, anamasula chingwe. Linatsika mwaulemu, linakwera chulu chachiwiri pang'onopang'ono ngati likuti zikomo, linatsikanso, n'kukatsamira pa machubu paja ngati mwana wofikira pa miyendo ya mayi ake. Anabwereza kasanu. Kasanu konse linapita chimodzimodzi.

"Nanga inu mwakwerapo?" ndinawafunsa.

"Mwini njanji amamvetsera ali pansi. Ndikakwera, amve ndani pamene pakulira?"

Ndinavomera, ndinatinso ntchito yagwirika. Ine amene ndimasenza thumba la thonje ndekha mpaka ku msika ndikucheza m'njira, ine yemweyo amene pokwera lole ya ku Liwonde amachita kundikoka amuna awiri wachitatu akukankha, sindinaone cholakwika chilichonse. Mutu unali pa galimoto ya boma.

Nkhawayo ndinapita nayo ku mapemphero a amayi a Lachinayi. Munthu ukalemedwa umatula kuti? Itafika nthawi yanga ndinagwada, ndinatseka maso, ndipo ndinaiwala kuti Mulungu amamva ngakhale za mumtima. Ndinapemphera mokweza, monga mwa chizolowezi changa. Ndinati, "Ambuye, Inu nokha mukudziwa chimene mwamuna wanga akukonza mobisa kuthengo kuja. Mutchingeni kwa maso a anthu mpaka tsiku limene akuluakulu a chipani adzabwere, kuti chimene wakonza chidzachitike bwino pamaso pa onse."

Ameni wake anamveka wowonda kwambiri. Nditatsegula maso ndinapeza amayi akuyang'ana pansi, ndipo akazi awo a Tcheya, wapampando wa nthambi ya chipani m'dera lathu, anali akumanga kale mpango. Nyimbo yotsekera sanaidikire.

M'mawa mwake dzuwa litangokwera pang'ono, a Tcheya anafika pakhomo ndi amuna awiri a malaya ofiira, asilikali a chipani, ndipo kumbuyo kwawo, patali pang'ono, kunali mudzi wonse ukunamizira kupita kudambo. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga makhadi athu a chipani, ndinavala nsalu ya chipani ya nkhope ya mtsogoleri wa dziko, kuti aone kuti ndife anthu omvera. A Tcheya sanali munthu woipa. Anali mlimi wa thonje ngati ife, ndipo tsiku limenelo ankaoneka wotopa kuposa ine.

Anati, "Bambo a Lusiya, ine nkhani sindizifuna. Koma mawu afika kwa ine, ndipo ndikapanda kuwapititsa, wina awapititsa pamodzi ndi dzina langa. Lolemba kubwera galimoto ya ku boma kudzaona malo a msonkhano. Kapena ndikawauza kuti kulibe kanthu, kapena mukwera nawo. Tiyeni tikaone."

Tinalowa mu mpanda, anthu n'kumakankhana pa kakhomo. Ataona bokosi lija lili pamwamba pa chulu, amayi ena anagwira pakamwa. Mmodzi wa a malaya ofiira anayenda motsatira njanji, anaima kumapeto, anatsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Ichi n'choponyera zinthu. Ndipo chaloza ku bwalo la sukulu."

"Chaloza kumene mtunda watsikira, achimwene," anatero bambo a Lusiya. "Mtunda sindinaumbe ine." Anatulutsa pepala lija m'thumba kuti awaonetse chithunzi, n'kunena kuti n'chokwera anthu posangalala. Munthu uja analitembenuza, anaona zilembo za Chingerezi kuseri, n'kulipereka kwa a Tcheya ndi zala ziwiri. "Pepala lakunja."

Mwamuna wanga anatembenukira kwa a Tcheya. Anati abweretse thumba la thonje awaonetse mmene chimayendera. A Tcheya anapukusa mutu. "Thumba silingandichitire umboni. Mwati n'chokwera anthu posangalala. Akwere munthu, tione akusangalala."

Bambo a Lusiya anayamba kukwera chulu, koma wa malaya ofiira anawagwira mkono. "Iyayi, awa ayi. Angathawire momwemo."

A Tcheya anayang'ana gulu lonse. Amuna amene ankakankhana pa kakhomo aja anayamba kuona zikhadabo zawo. Ine ndinayang'ana mwamuna wanga ali chogwidwa mkono, ndinakumbukira mphunzitsi uja, ndinakumbukiranso kuti pakamwa pomwe panabweretsa anthu onsewa ndi panga. Ndinati, "Ndikwera ine."

Ndili pakati pa chulu, Abiti Saidi anandipeza akupuma mwabefu, anandikokera kuseri kwa chitsamba, n'kumasula chitenje chake chapamwamba. "Vulani imeneyo msanga, valani ichi. Nsalu ya nkhope ikakhudza dothi pamaso pa anthu awa, mukwera galimoto nonse awiri." Mulungu amudalitse mayi ameneyo kumene ali. Pa anthu onse amene analipo, ndi yekhayo amene anaganiza kuti mwina ndikhudza dothi.

Ndinalowa m'bokosi. Linalira mawu amene silinalirepo ndi thonje. Wa malaya ofiira uja anawalola bambo a Lusiya kukwera kudzamasula chingwe akuwagwirabe mkono, ndipo mwamuna wangayo anandinong'oneza kuti, "Musaope. Lapita kasanu." Ndinayamba pemphero la Atate Wathu.

Sindinapitirire pa "dzina lanu liyeretsedwe." Dziko linangochoka pansi panga. Mimba inatsala pa chulu, mpango unatsala m'mwamba, nsungwi zikulira ngati mbuzi khumi zomangidwa pamodzi. Pa chulu chachiwiri, paja thumba linkakwera likuti zikomo, ine ndinadutsa osapereka moni, ndipo ndinamva thupi langa likusiyana ndi thabwa. Manja anakwera okha m'mwamba, kukamwa kunatseguka kokha. Pamenepo ndi pamene ndinapeza yankho la funso langa lija la azungu a pachithunzi. Anzanga, anthu aja sankaseka.

Kutsika kwachiwiri ndinaona machubu akubwera. Anandilandira, anatamuka, anatamukabe, kenaka phwa. Bokosi linagunda mitengo n'kuima pomwepo. Ine sindinaime. Ndinaboola mpanda wa tsekera ndi mutu, ndinaona thambo, ndinaona dambo, n'kukakhala pansi khuvu, pakati penipeni pa thamanda la Abiti Saidi, m'chinangwa chimene chinali chitagona m'madzi masiku anayi. Amene munanunkhizapo chinangwa cha masiku anayi, sindikuuzani kanthu. Madzi anafika m'chifuwa, matope anandigwira bwino ngati mpando, ndipo chidutswa chimodzi chinali pamutu.

Kenaka pa bowo limene ndinasiya mu mpanda panatulukira nkhope ya a Tcheya, pambuyo pake nkhope zina. Woyamba kufika pa thamanda anali mwamuna wanga, atamuthawa womugwira uja. Analowa m'madzi ndi nsapato, anandigwira mapewa.

"Mayi a Lusiya, muli moyo?"

"Ndili moyo."

"Palibe chathyoka?"

"Sindikudziwa. Ndikuona ngati ayi."

Anapuma mpweya wautali. Kenaka anatsitsa mawu. "Pa chulu chachiwiri paja, munamva kugwedera kumanzere kapena kumanja?"

Ndisanapeze choyankha, anayang'ana machubu oduka aja, anayang'ana ine, ndipo ndinaona chinthu chikufika m'mutu mwawo mochedwa ngati sitima ya katundu. "Thonje," anatero. "Thonje ndi lalikulu, koma silemera."

Abiti Saidi anali ataima m'mphepete, nsalu ya chipani ataipinda bwino m'khwapa. Anati, "Zaka makumi awiri muli nawo m'nyumba, bambo inu, lero ndi pamene mwadziwa kuti akazi anu si thonje? Ndipo chinangwa changa mwachiponda nonse awiri."

Woyamba kuseka anali wa malaya ofiira uja, wa diso limodzi lotsinzina. Anayesa kubisa ndi chigongono, zinakanika. Kenaka mudzi wonse. A Tcheya anakhala pansi pa udzu, misozi ikutsika, akupukuta ndi pepala lakunja lija. Ine ndinangokhala m'madzimo, chifukwa kudzuka kunafuna amuna atatu, ndipo onse anali otanganidwa.

Atapezako mpweya, a Tcheya anati, "Nanga ku boma ndikanene chiyani? Kuti tagwira mdani woopsa amene waponya mkazi wake m'chinangwa? Angandimange ine chifukwa chowatayitsa mafuta." Anaimirira, anasasa thalauza, nkhope n'kubwerera m'malo mwake. "Bambo a Lusiya, lisanafike Lolemba ichi chikhale chitaphwasulidwa, mpanda womwe. Nsungwi ndi tsekera mupititse ku bwalo la sukulu, tikumanga chisakasa cha alendo. Ndipo inu mayi, popemphera muzitchula zinthu ndi mayina ake."

Galimoto inabwera Lolemba, inaona bwalo, inabwerera yopanda mwamuna wanga. Tsiku la msonkhano akuluakulu aja anakhala pa mthunzi wa njanji ya bambo a Lusiya osadziwa, ndipo mmodzi anayamikira kuti chisakasacho chinamangidwa mowongoka. Mwini wake anali kumbuyo kwa gulu, monga mwa masiku onse, koma mawu amenewo anawamva, ndipo anandibwerezera mpaka Khirisimasi. Ine ndinavina nawo pang'ono ndi amayi anzanga, chammbali, dzanja lili pamsana. Fungo linatenga sabata kuti lichoke, dzina la Abiti Thonje silinachoke. Ndinathandiza Abiti Saidi kukumba chinangwa china m'munda mwathu, ndipo nthawi yonse yomwe tinkasenda ankangoti akandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedera.

Mwamunayo ndinamukhululukira, poti ndimo tinaphunzitsidwira, ndiponso pa anthu awiri opusa a m'nkhaniyi iye sanali wamkulu. Koma ndinapangana ndi Mulungu zinthu ziwiri. Choyamba, za m'nyumba mwanga ndimapemphera chamumtima, Iye makutu ake ndi akuthwa. Chachiwiri, katundu aliyense wochokera ku Balaka, kaya ndi misomali, kaya ndi sopo, ndimamulandira ndine pakhomo, ndipo pepala lokulungira limapita pamoto ndisanayang'ane n'komwe. Chaka chatha ndinachedwa pang'ono. Ndinawapeza bambo a Lusiya, imvi zili mbuu, akuwongola kapepala pa bondo, pali chithunzi cha munthu akulendewera kumwamba pa chinsalu chachikulu ngati ambulera. Anakweza maso, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti, "Kodi mayi a Lusiya, masiku ano mwatsikako thupi, eti?"

Ndinawalanda pepalalo mwaulemu, ndi manja awiri, n'kukasonkhezera moto wa tiyi.